Nyali Yolamulidwa ndi Foni: Tifunse Tisanasaine



M'dzinja lapitali, ndili paulendo woyendera akhristu a m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kudandidera pakhomo pa mkulu wina wa mpingo. Eni khomo adandilandira ndi manja awiri. Nthawi ya chakudya itakwana, bambo wa pakhomopo adayatsa mababu atatu a magetsi a dzuwa amene adali atangogula kumene, ndipo ana adatulutsa makope awo nayamba kulemba ntchito ya kusukulu. Tisanamalize n'kusamba m'manja komwe, nyumba yonse idagwa mdima wandiweyani. Ine ndidayesa kuti batire latha moto, popeza tsikulo kudali mitambo. Koma mayi wa pakhomopo adati, "Iyayi abusa, moto ulimo. Masiku amene tidalipira ndiwo atha." M'foni mwa bambo mudalibe ndalama, ndipo ejenti woika ndalama m'foni adali kumsika, ulendo wa maola awiri pansi. Nsima tidadyera koloboyi.

Usiku umenewo ndidagona ndi funso. Sola ili padenga la mbale wathuyu, batire lili m'nyumba mwake, dzuwa salipira. Nanga wazimitsa nyali ndani? Yankho la funso limeneli likukhudza mabanja ambiri m'boma lathu lino la Mecanhelas, chifukwa malonda a mtundu umenewu afika kale m'midzi mwathu ndipo ambiri tikusaina mapepala ake tisanamvetse mmene wogulitsa amapezera phindu lake.

Kodi nyumba yanzeru n'chiyani?

Ku Ulaya ndi ku America kuli malonda otchedwa smart home, kunena kuti nyumba yanzeru. Imeneyi ndi nyumba imene zipangizo zake, monga nyali, maloko a zitseko ndi makamera, zimalumikizidwa ku intaneti kotero kuti mwini wake akhoza kuzilamula ndi foni ngakhale ali kutali. Makampani akuluakulu adathira chuma chambiri m'malonda amenewa. Mu 2014 kampani ya Google idagula kampani ya Nest, yopanga kachipangizo kosintha kutentha kwa m'nyumba, pamtengo wa madola 3.2 biliyoni. Mu 2018 kampani ya Amazon idagula Ring, yopanga mabelu a pakhomo okhala ndi kamera.

Tingadabwe kuti chifukwa chiyani anthu ochenjera pamalonda adapereka ndalama zochuluka chotero pogula opanga tizipangizo ting'onoting'ono. Chinsinsi chake n'chakuti malonda otere sathera pa tsiku logula. Munthu akagula khasu, ubale wake ndi wogulitsa umatha pomwepo. Koma akagula chipangizo cholumikizidwa ku intaneti, pamatsala chingwe chosaoneka pakati pa nyumba yake ndi kampani. Wogula belu la Ring, mwachitsanzo, amalipira mwezi ndi mwezi ngati afuna kuti zithunzi zimene kamera yajambula zizisungidwa. Ndipo amene wagwira nsonga ina ya chingwecho akhoza kuchidula. Mu May 2016 kampani ya Nest idatseka makina oyendetsa kabokosi kotchedwa Revolv, ndipo anthu amene adakagula pamtengo wa madola pafupifupi 300 adangoona kasiya kugwira ntchito, ngakhale kadalibe chilema chilichonse.

Wina anganene kuti izi n'za azungu, ife kuno sizitikhudza. Koma kabokosi kamene kadatidyetsa nsima mumdima ku Chiuta ndi mbale wake wa zipangizo zimenezi. Nakonso kamamvera lamulo lochokera kutali. Kusiyana kwake n'kwakuti mzungu amalipira kuti moyo wake wofewa kale ufewerepo, pamene ife timalipira kuti mwana aone zilembo m'kope lake.

Mmene zidafikira kwathu kuno

Amene tili ndi magetsi a EDM tidazolowera kale mita ya Credelec. Timayamba talipira, n'kulandira manambala 20, n'kuwalemba pa mita, ndipo mauniti akatha magetsi amazima okha popanda munthu wobwera kudzadula waya. Imeneyi ndiyo nzeru yoyamba ya mtundu uwu imene idalowa m'nyumba zathu. Koma mawaya a EDM sadafike m'midzi yambiri. Mu 2018 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos, yofuna kuti pofika 2030 nzika zonse zikhale ndi magetsi. Mu 2023 kudatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa ku Tetereane, pafupi ndi Cuamba, a mphamvu ya ma megawati 19. Ichi n'chinthu chonyaditsa chigawo chathu cha Niassa, komabe magetsi a kumeneko amalowa m'mawaya, ndipo nyumba imene waya sadaifikire siwalawa.

Pachifukwa chimenechi boma ndi mabungwe othandiza adatsegula khomo kwa makampani ogulitsa magetsi a dzuwa a panyumba. Bungwe la boma la FUNAE lakhala likugwira ntchito ya magetsi a kumidzi kuyambira mu 1997. Mu 2019 kudayamba ndondomeko ya BRILHO, ndi ndalama zochokera ku Britain, yoyendetsedwa ndi bungwe la SNV la ku Netherlands, yomwe inkathandiza makampani kuti afikitse zipangizo zawo kumadera akutali. Mu 2021 boma lidatulutsa lamulo la Decreto 93/2021 lolongosola za magetsi a m'madera amene mawaya sadafike.

Nzeru yogulitsa sola pangongole yolipira ndi foni idakulira ku Kenya. Kumeneko M-Pesa idayamba mu 2007, ndipo mu 2011 kudabadwa kampani ya M-KOPA, imene idaika kachipangizo ka foni m'kati mwa bokosi la sola kuti lizitseka ndi kutseguka molingana ndi malipiro. Kuno ku Mozambique M-Pesa idafika mu 2013 kudzera ku Vodacom, mKesh idalipo kale, ndipo pambuyo pake Movitel idabweretsa e-Mola. Njira yotumizira ndalama itapezeka, makampani a sola adatsatira. SolarWorks! idayamba kugulitsa m'dziko muno mu 2016, ndipo Fenix International idafika mu 2019.

Kutseka kwake kumachitika m'njira ziwiri. Mabokosi ena ali ndi simu khadi m'kati, ndipo amalandira okha uthenga wochokera ku kampani wonena kuti mwalipira. Ena alibe simu khadi. Mukalipira, kampani imakutumizirani manambala pa foni, inu n'kuwalemba pa bokosilo monga tichitira ndi Credelec. M'njira zonse ziwiri bokosi limawerenga masiku, ndipo masiku olipiridwa akatha limatseka moto, ngakhale batire likhale lodzaza.

Njira zitatu za malonda

Wogulitsa akafika pamudzi ndi zipangizo zake, akhoza kukhala akuyendera imodzi mwa njira zitatu, ndipo n'kofunika kudziwa kuti ndi iti, popeza pamaso zipangizozo zimafanana.

Njira yoyamba ndi yogula ndi ndalama yonse nthawi imodzi. Katundu amakhala wanu tsiku lomwelo, palibe angamutseke, ndipo mtengo wake ndi wotsika koposa njira zinazo. Vuto lake n'lakuti ndi ochepa amene angapeze ndalama yonseyo pakamodzi. Vuto lina n'lakuti m'misika mwathu mwadzaza masola ndi mabatire osalimba, ogulitsidwa popanda chitsimikizo, ndipo akawonongeka wogulitsa amakhala atasamuka kale.

Njira yachiwiri, imene yafala kwambiri, ndi yolipira pang'onopang'ono mpaka katundu akhale wanu. Mumapereka ndalama yoyambira, kenaka mumagula masiku kapena masabata a kuwala, kwa chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu monga mwa pangano. Mukamaliza, kampani imatsegula bokosilo kotheratu. Tisanyengedwe ndi mawu okoma akuti kulipira monga mwathera. Dzina lenileni la njira imeneyi ndi ngongole. Chikole chake si munda kapena mbuzi, koma kuwala kwa m'nyumba mwanu.

Njira yachitatu ndi yobwereka. Zipangizo zimakhalabe za kampani mpaka kalekale, inu mumalipira kuwala kokha mwezi ndi mwezi, ndipo kukonza ndi kusintha batire ndi udindo wa kampaniyo. Malipiro ake amakhala ochepa, koma alibe tsiku lothera, ndipo ngakhale mutalipira zaka khumi simungagulitse sola imeneyo kapena kuisiyira ana.

Tiwerengere limodzi

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti tione kawerengedwe kake, si mitengo ya kampani iliyonse. Tinene kuti sola ya mababu atatu ndi potchajira foni ikugulitsidwa mametikali 12,000 kwa wolipira nthawi imodzi. Wogulitsa akukuuzani kuti mungopereka 1,500 lero, kenaka 25 patsiku kwa zaka ziwiri. Ndalama ya 25 imamveka yochepa. Koma zaka ziwiri ndi masiku 730, ndipo 25 kuchulukitsa ndi 730 ndi 18,250. Tikaphatikiza ndi 1,500 yoyamba ija, zonse zikukwana 19,750. Ndiye kuti mwalipira 7,750 yoonjezera chifukwa chotenga katunduyo pangongole.

Sindikunena kuti ndalama yoonjezerayo ndi kuba. Kampani nayo imakongola ndalama kunja kuti igule zipangizo, ndipo imabweza ndi chiwongoladzanja. Imalipira maejenti, amisiri okonza, magalimoto oyenda m'misewu yathu yovutayi, ndiponso imaluza kwa anthu amene amasiya kulipira panjira. Zonsezi zimalowa m'mtengo, kotero kuti wolipira mokhulupirika amasenzako katundu wa wosalipira. Chimene ndikunena n'chakuti wogula ali ndi ufulu womva nambala yonseyo asanasaine, osati ya patsiku yokha.

Mbali ina ya chiwerengerochi ndi ndalama imene banja likuwononga kale. Kwa mwezi umodzi lembani m'kope zonse zimene mwapereka pogula mabatire a tochi ndi a wailesi, makandulo, palafini, ndi potchajitsa foni kumsika. Ngati zikuyandikira malipiro a sola, ngongoleyo ikhoza kukhala yanzeru, chifukwa mabatire a tochi mumataya kudzala pamene sola idzatsala yanu. Onjezaninso zabwino zosawerengeka ndi ndalama: utsi wa palafini suwononganso maso ndi zifuwa za ana, ndipo ngozi ya kandulo m'nyumba ya udzu imachepa. Koma ngati banja limagona msanga ndipo limawononga zochepa pa kuwala, malipiro a tsiku ndi tsiku adzachokera pa ndiwo ndi sopo.

Ndalama ya kwathu imabwera ndi nyengo

Bokosi la sola limawerenga masiku onse mofanana, koma ndalama ya mlimi siyenda motero. Imabwera pokolola chimanga, mpunga ndi nandolo kapena pogulitsa fodya, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale imasowa, pa nthawi imene nkhokwe zatha ndiponso ana akufuna makope ndi zovala za chaka chatsopano cha sukulu. Asodzi nawo akudziwa kuti nyanja siyilonjeza kanthu. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso. Munthu amene wasaina pangano la zaka zitatu akudalira matemba ayenera kukumbukira zaka zimenezo.

Palinso nkhani ya malire. Abale athu ambiri amagulitsa nsomba ndi mbewu kutsidya, ku Nayuchi ndi m'misika ina ya ku Malawi, n'kulandira makwacha, pamene ngongole ya sola imalipidwa m'mametikali. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aliyense wopeza makwacha koma wokhala ndi ngongole ya mametikali adadzuka ngongole yake italemera, ngakhale pepala la pangano silidasinthe. Komanso m'midzi ina ya m'malire foni imagwira netiweki ya ku Malawi mosavuta kuposa ya kuno, ndipo wolipira amayenera kukwera chulu kapena kuyenda mtunda kuti uthenga wa malipiro udutse.

Nzeru yake ndi yolipiriratu. Pa nthawi yokolola, ndalama ili m'manja, gulani masiku a miyezi ingapo kuti dzinja likupezeni muli ndi kuwala. Njira yolipira ndi foni ilinso ndi ubwino wina: mwana amene ali pantchito ku Cuamba, ku Lichinga kapena ku Nampula akhoza kulipirira makolo ali komweko, nyali n'kuyaka kumudzi, ndipo ndalamayo siyipatukira kwina panjira.

Zimene bokosi limanena za inu

Kampani imasunga mbiri ya malipiro anu onse: tsiku limene mudalipira, ndalama zake, ndi masiku amene mudakhala mumdima. Mabokosi okhala ndi simu khadi amatumizanso uthenga wonena za mphamvu ya batire ndi mmene magetsi akugwiritsidwira ntchito. Izi zimathandiza amisiri kudziwa vuto msanga. Koma mbiri yomweyo ndi chuma cha kampani. Wolipira bwino akayandikira kumaliza, foni imalira: akumupatsa wailesi yakanema, sola yokulirapo, kapena foni yamakono, zonse pangongole yatsopano. Kampani ya M-KOPA ija, imene idayamba ndi nyali, mu 2020 idayamba kugulitsa mafoni amene nawonso amatseka munthu akapanda kulipira.

Kwa anthu amene banki siyidawakhulupirirepo, mbiri yabwino ya malipiro ndi khomo lotseguka. Koma wokaona nyanja adakaona ndi mvuu zomwe. M'mapangano ena, mukatenga katundu wachiwiri, bokosi limene mudamaliza kulipira limatsekedwanso kuti likhale chikole cha ngongole yatsopanoyo. Motero banja likhoza kutaya kuwala kumene lidakugula kale chifukwa cha kanema amene likadatha kudikira.

Kampani ikasintha manja

Makampani amenewa nawo amagwa ndipo amagulitsidwa. Mobisol, kampani ya ku Germany imene idagulitsa masola ambiri ku Tanzania ndi ku Rwanda, idalephera kubweza ngongole zake mu 2019, ndipo chaka chomwecho idagulidwa ndi ENGIE ya ku France. Fenix International idali itagulidwa kale ndi ENGIE mu 2018, ndipo pambuyo pake katundu wake ankadziwika ndi dzina la MySol. Mu 2025 kudalengezedwa kuti kampani ya Ignite ikugula nthambi imeneyi ya ENGIE. Kugulana kotere si tchimo, ndi mmene malonda amayendera. Koma kukutiphunzitsa kuti dzina lolembedwa pa malaya a ejenti lero likhoza kukhala lina ngongole yanu isanathe. Wokhala ndi pepala la pangano ndi mauthenga onse a malipiro ali ndi poyambira. Wopanda umboni adzangodandaula.

Mafunso oyenera kufunsa

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanasaine kapena kudinda chala, funsani izi, ndipo mayankho ake muwaone papepala:

1. Kodi ndikugula kapena ndikubwereka? Ngati ndikugula, katunduyu adzakhala wanga liti?
2. Ndikaphatikiza malipiro onse, ndidzapereka zingati? Nanga mtengo wolipira nthawi imodzi ndi wotani?
3. Ndikalephera kulipira sabata kapena mwezi, kodi nthawi imangotalika, kapena pali chindapusa? Mudzabwera kudzachotsa katundu patatha masiku angati, ndipo ndalama zimene ndapereka kale zidzatani?
4. Chitsimikizo n'cha zaka zingati, ndipo kodi batire lilimo? Mmisiri wanu ali kuti, ku Insaca kuno kapena ku Cuamba? Masiku amene bokosi lawonongeka, kodi ndilipirabe?
5. Ndikamaliza kulipira, kodi bokosi lidzagwira ntchito lokha popanda netiweki ndi popanda kampani?
6. Mwini pangano akamwalira, mkazi wamasiye ndi ana adzatani?
7. Foni ikatayika kapena nambala ikasintha, ndidzalipira bwanji?

Mapangano ambiri amalembedwa m'Chipwitikizi chovuta. Si manyazi kupempha mphunzitsi kapena wachinyamata wodziwa chilankhulocho kuti akuwerengereni ndime ndi ndime, ndipo wogulitsa woona mtima sangakane kuti mugone nalo pepalalo usiku umodzi. Kumbukirani kuti ejenti kawirikawiri amalandira malipiro molingana ndi chiwerengero cha anthu amene wawalembetsa, kotero changu chake si changu chanu. Pambuyo pa ndalama yoyambira, lipirani ku nambala ya kampani yolembedwa m'pangano, osati m'manja mwa munthu, ndipo musafufute mauthenga otsimikiza malipiro. Mwamuna ndi mkazi agwirizane asanatenge ngongoleyo, pakuti ndalama ikasowa amene amachepetsa ndiwo m'mbale ndi mayi.

Udindo wathu ifenso

Chilungamo chili mbali zonse ziwiri. Kuli anyamata ena odziwa mawaya amene amatsegula mabokosi ndi kulambalala chotsekera kuti nyali iziyaka popanda kulipira. Kuchita zimenezi n'kuphwanya pangano limene tidasaina tokha, kumathetsa chitsimikizo, ndipo batire losokonezedwa likhoza kuyaka moto. Kuonjezera apo, mudzi ukadziwika kuti salipira, makampani amauthawa kapena kukweza mitengo, ndipo olangika ndi anansi osalakwa. Amene mwalephera kulipira pa zifukwa zenizeni, pitani mukalankhule ndi kampani msanga, musabisale.

Kwa achinyamata athu amene alembedwa ntchito ya uejenti, ntchitoyo ndi yabwino ndipo ikubweretsa kuwala kumene kudalibe. Koma mukugulitsa kwa azakhali anu ndi kwa anzanu a m'kwaya. Nenani nambala yonse. Musalembetse gogo amene mukudziwa kuti sangakwanitse, pofuna kukwaniritsa chiwerengero cha mwezi. Ndipo mipingo imene ikufuna sola ya m'nyumba yopemphereramo ikambirane pa msonkhano, ilembe m'buku kumene malipiro adzachokere, kuti ngongole ya gulu isadzagwere mkulu mmodzi amene dzina lake lili papepala.

Mbale wathu wa ku Chiuta uja ndidakumana nayenso atagulitsa mpunga. Adandiuza kuti iye ndi mayi a kunyumba adakhala pansi nawerenga masiku otsala a pangano lawo, ndipo adalipiriratu mpaka mwezi wa Malichi asanagule china chilichonse. Kanema amene adamuuza kuti angathe kutenga adamukana kufikira bokosi litatsegulidwa kotheratu. Adandipempha kuti ndidzagonenso pakhomo pake dzinja likudzali, ndipo ndidavomera.